Dzina la Pansi pa Chithunzi

"Achimwene, tasunthani! Mwanditchinga!"

Bambo wa jekete lachikopa uja anatembenuka, akufunafuna kumene kwachokera mawuwo. Anayang'ana kumanja, kumanzere, kenako pansi. Pafupi ndi mulu wa kabichi panali mtsikana atanyonyomala, kamera yaikulu yakuda ili kumaso.

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, chaka cha 2005, pa siteji ya Bvumbwe. Chiperoni chinali chitakuta msika wonse. Mtsikanayo, Enid Namakhwa, anali atadikira nthawi yaitali kuti mayi wina wogulitsa karoti aseke, ndipo mayiyo atangoyamba kuseka, mlendoyu ndiye anadzaima pakati pawo.

"Pepani, chemwali," anatero bamboyo akusuntha. "Koma ndifunseko. Chimenecho ndi kamera kapena simbi yositira ya makala?"

Oitanira minibasi anafa nalo phwete. Enid anadzuka, nasansa chitenje chake, osamwetulira ngakhale pang'ono.

"Ndi kamera. Inapangidwa inu musanabadwe, ndipo idzakhala ikujambulabe inu mano atatha m'kamwa."

"Eee! Mwandimaliza!" Bamboyo anagwira pamtima akuseka. "Ine ndine Cuthbert Kamtedza. Ndabwera mwezi watha kuchokera ku Kasungu. Ndikuyang'anira minda pa esiteti ya tiyi ya kuseri kwa boma uko."

"Ndikukudziwani, bwana. Lolemba lililonse mumabwera kuchipinda cholawira tiyi kufakitale. Wowiritsa madzi ndine, wondandalika makapu ndine. Kungoti simunandiyang'anepo kumaso."

Cuthbert anamuyang'ana, ndipo ulendo uno anamuyang'anitsitsa ndithu.

Anakwera minibasi imodzi. Asanatsike, Cuthbert anapempha nambala ya foni.

"Nambala yanga si kabichi wa pa Bvumbwe woti aliyense angotolapo," anayankha Enid, natsika osacheuka.

Enid anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo anali ndi makamera asanu ndi awiri. Onse anali akale, ojambulira filimu, ogwiritsidwapo kale ntchito ndi anthu amene iye sanawaonepo.

Yoyamba anaitola ndi amayi ake, a Magdalena, amene ankathyola tiyi pa esiteti pomwepo. Bwana wina atapuma pantchito n'kusamuka, katundu wosafunika anatayidwa kudzala, ndipo a Magdalena anatola chinthucho poganiza kuti ndi wailesi. Enid, ali Folomu 2 nthawi imeneyo, anapita nacho ku Limbe kwa a Fabiano, mkulu wina wa situdiyo yotsuka zithunzi. A Fabiano anachimasula, nachipukuta, nachipaka mafuta, ndipo atadina batani chinalira kuti thwa!

"Iyi ndi Zenit, mwana iwe," anatero mkuluyo. "Siifa wamba."

Kuyambira tsiku limenelo Enid sanapolenso. Yashica anaipeza pa kaunjika wa ku Limbe, ili pakati pa nsapato. Ka Olympus kakang'ono anasinthanitsa ndi mphunzitsi wina wa ku Mphuka, iye n'kupereka tambala. Onse ankawasunga m'bokosi lamatabwa, ataikamo sokosi yodzaza mpunga wosaphika, chifukwa chinyezi cha ku Thyolo chimameretsa chuku pagalasi la kamera.

Ku malaini, kumene ankakhala ndi amayi ake m'nyumba ya kampani, anthu sankamumvetsa. Akanakhala kuti ankajambula maukwati n'kumalipiritsa, bwenzi akuti ndi geni. Koma iye ankajambula manja a anthu, nkhungu, mathirakitala, ana osewera m'ngalande, zithunzizo n'kungozisunga!

"Mkazi wanji woyenda ndi zitsulo m'khosi?" ankatero amuna a kufakitale. "Adzakukwatira ndani iwe?"

"Amene adzandikwatire adzanyamula chikwama cha zitsulozi," ankayankha Enid. "Inu musavutike, si inu."

Cuthbert sanagwe ulesi. Lolemba lililonse akamaliza kulawa tiyi, ankasiya kapepala pansi pa kapu. Milungu itatu Enid ankangokataya. Mlungu wachinayi analemba nambala yake pakabokosi kopanda kanthu ka filimu, nakasiya pafupi ndi supuni.

M'mawa mwake foni inalira.

"Kansonga kanga ka tiyi, wadzuka bwanji? Ndayenda minda itatu kale, mzere uliwonse ndikuona nkhope yako. C."

Enid anayankha kuti, "Mukayezetse maso kuchipatala, bwana."

Koma uthengawo anauwerenga kasanu, ndipo madzi a m'ketulo anawira mpaka kutsala pang'ono kuphwa.

Pofika mu Ogasiti, "bwana" anali atasanduka "Cuthie", ndipo "inu" anali atasanduka "iwe". Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankayenda limodzi m'tinjira ta m'minda, kukwera mpaka pamwamba pamene mizere ya tiyi imakumana ndi nkhalango ya bulugamu. Cuthbert ankanyamula chikwama cha makamera paphewa, anthu a ku malaini akuona.

Kodi si zimene Enid ananena? Kodi mwamuna wonyamula chikwama uja sanapezeke?

"Wapamtima," anatero Cuthbert tsiku lina, "masiku ano kwabwera makamera a dijito. Ukajambula, chithunzi umachionera pomwepo. Bwanji osataya zimagogo zakozi?"

"Filimu imodzi ndi zithunzi 36 basi," anayankha Enid diso lili pakamera. "Umayamba waganiza usanadine. Ukadina wadina, sungafafanize. Ine ndimakonda zinthu zotero."

"Ngati ine?"

"Iwe sindinakutsukitse. Sindikudziwa kuti udzatuluka wotani."

Cuthbert anaseka, namugwira dzanja. Enid anayesapo kangapo kumuphunzitsa kuika filimu ndi kuwerenga kuwala kwa dzuwa, koma iye ankakana.

"Zimenezo ndi zako, duwa langa. Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana wojambulayo."

A Magdalena okha ndi amene sankasangalala.

"Mwanaka," anatero tsiku lina akuchapa, "munthu wa msinkhu umenewu, wa ntchito yabwino chonchi, kwawo sanasiyeko munthu? Wamufunsa?"

Enid anamufunsadi. Cuthbert anaima pakati panjira, nakweza dzanja kumwamba.

"Ndikulumbira pali Mulungu! Kupatula amayi anga ondibereka, kulibe mkazi amene akundidikira ku Kasungu. Iwe ndiwe woyamba, ndiwenso womaliza."

Ndani sakanakhulupirira? Mu Okutobala anapita limodzi kumudzi kwa Enid ku Chimaliro. Azakhali anapha nkhuku. Cuthbert anagwada popereka moni, nanena pamaso pa onse kuti, "Khirisimasi ikangodutsa, amalume anga afika pakhomo pano."

Pobwerera tsiku lomwelo ndi pamene anayambitsa nkhani ya kalendala.

"Enid, mwayi wako wafika. Bwana wamkulu, a Douglas Chikuse, akufuna kalendala ya kampani ya chaka chamawa, yoti itumizidwe kwa ogula tiyi kunja. Amafuna kuitana wojambula wa ku Blantyre. Ine ndawauza kuti adikire kaye."

"Ndiye?"

"Ndiye undipatse zithunzi zako khumi ndi ziwiri, zabwino zokhazokha. Ndikazionetse. Dzina lako lidzalembedwa pansi pa chithunzi chilichonse. Aja amakuseka kufakitale adzameza malilime awo!"

Mtima wa Enid unagunda ngati injini ya fakitale.

"Bwanji ndisapite nazo ndekha kwa bwana?"

"Aa, nthiti yanga, ukuwadziwa mabwana. Akaona mtsikana wowiritsa madzi walowa ndi envulopu, sadzatsegula n'komwe. Ndisiyire ine. Ndikulankhulira."

Mawuwo anamubaya pang'ono, koma anawameza. Kodi sanali oona?

Milungu isanu ndi umodzi Enid anagwira ntchito ngati wamisala. Mvula yoyamba itagwa, tiyi n'kuphuka, ankalawirira kuminda asanapite kufakitale. Anagona m'matope kuti ajambule mapazi a othyola. Anakwera pangolo ya thirakitala, kapitawo akumukalipira. Amayi ake anawajambula katatu, ndipo kachitatu ndi pamene zinatheka: a Magdalena ali ndi dengu kumsana, atatembenuka kuti amuuze mwana wawo asiye zopusa, nkhope ili pakati pa mkwiyo ndi kuseka.

A Fabiano atatsuka chithunzicho anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi usapatse munthu mwachisawawa," anatero.

Cuthbert atalandira envulopu anamupsompsona pachipumi. Kenako anafunsa kuti, "Nanga manegativu, mafilimu amene zithunzizi zachokera?"

"Atani?"

"Osindikiza angawafune."

"Zithunzizi n'zazikulu, n'zoyera bwino. Zikwanira. Manegativu sachoka m'nyumba mwanga."

"Ngakhale kwa ine, mwamuna wako wa mawa?"

"Ngakhale kwa abusa."

Nkhope ya Cuthbert inada. Masiku awiri sanatumize uthenga. Enid anali pafupi kugonja, chitini cha manegativu anali atachitulutsa kale pansi pa bedi, pamene foni inalira.

"Pepa, mwezi wanga. Ndimangofuna zako ziyende bwino. Popanda iwe ndine kapu yopanda tiyi. C."

Anabwezera chitini pamalo pake, namwetulira tsiku lonse.

Mwambo wotsekera chaka unachitika Loweruka lachitatu la Disembala, pabwalo la kalabu ya esiteti, dzuwa lili pamutu. Mabwana ndi alendo anakhala mutenti. Othyola tiyi, a kufakitale ndi alonda anakhala pakapinga. Enid anali pagulu lopereka tiyi kwa alendo, atavala epuloni yoyera, chikwama chake atachibisa pansi pa tebulo.

M'mawa wa tsikulo Cuthbert anali atamulembera kuti, "Lero usandiyandikire kwambiri, wapamtima. Mabwana sakonda zachibwenzi pantchito. Tidzasangalala tokha mawa."

Katoni ya makalendala itatsegulidwa, imodzi inadutsa m'manja mwa Enid. Pachikuto panali amayi ake, dengu kumsana! Anatsala pang'ono kukuwa ndi chimwemwe. Kenako maso ake anatsikira pansi pa chithunzi.

"Wojambula: C. Kamtedza."

Anatsegula Januwale. Chimodzimodzi. Febuluwale, Malichi, mpaka Disembala, pamene panalinso chithunzi cha pachikuto chija. Dzina lomwelo, kakhumi ndi kawiri.

Mwina osindikiza alakwitsa? Mwina Cuthbert sanaone? Inde, alakwitsa basi, ndipo Cuthbert akonza pompano, anthu onse akumva!

Bwana Chikuse anaimirira pamaikolofoni.

"Chaka chino sitinafune wojambula wa kutauni," anatero. "Luso linali pakati pathu pompano. A Kamtedza ankadzuka m'mamawa, kugona m'matope, kuti atipatse zithunzi zimenezi. Munthu wokonda esiteti chonchi tisamusiye pansi. Kuyambira Januwale, akhala wachiwiri kwa manijala wa minda yonse, ndipo alowa nyumba ya pamtunda ija."

Anthu anaomba m'manja. Cuthbert anaimirira, nawerama modzichepetsa. Sanakane. Sanatsokomole n'komwe.

"Tilandirenso mayi Kamtedza, a Vera, amene afika dzulo kuchokera ku Kasungu pamodzi ndi mwana wawo. Tsopano nyumba yapezeka, banja likhale pamodzi!"

Mayi wina wamtali, wovala chilundu chobiriwira, anaimirira mwamanyazi, kamtsikana ka zaka ngati zitatu kali m'manja. Kamwanako kanali ndi mphuno ya Cuthbert, ndi makutu omwe.

Enid anaona ngati bwalo lonse lapendekeka. Thireyi ya makapu inali ikadali m'manja mwake. Mkazi? Mwana? Nanga dzanja lija linakwezedwa kumwamba? Nanga nkhuku ya azakhali?

Anaika thireyi pansi pang'onopang'ono. Anavula epuloni, naipinda. Kenako anasolola chikwama chake pansi pa tebulo.

Kapitawo wa kufakitale anamugwira mkono. "Enid, ukupita kuti? Ganiza bwino. Nyumba mukukhala ija ndi ya kampani!"

"Ndisiyeni, a kapitawo. Ndaganiza kale."

Anayenda pakati pa mipando mpaka kutsogolo. Mutu unali chilili. Atafika patebulo la mabwana anatulutsa Zenit ija, naiika kuti gu! Pambali pake anaikapo filimu yatsopano.

"Pepani, bwana wamkulu, ndalowerera mwambo. Zithunzi zonse za m'kalendalayi zinajambulidwa ndi kamera iyi. Ndikupempha ajambuli athu, a Kamtedza, aitsegule, aikemo filimu, atijambule tonse chithunzi cha chikumbutso."



"Mtsikana iwe, bwerera kuntchito," anatero Cuthbert ndi mawu otsika, osamuyang'ana.

"Mtsikana iwe? Dzina langa mwaliiwala kawiri tsopano? Tsegulani kamerayi, bwana!"

Bwana Chikuse anayang'ana Enid, nayang'ana Cuthbert. "A Kamtedza, palibe chovuta. Tsegulani."

Cuthbert anainyamula. Anaitembenuza uku ndi uku. Anadina batani, inalira thwa, koma sinatseguke. Anayesa kukanula ndi chikhadabo. Anaigwedeza pafupi ndi khutu. Thukuta linayamba kuyenderera m'khosi mpaka kunyowetsa kolala.

Wina pakapinga anaseka. Kenako wachiwiri.

"Ine ndinagwiritsa ntchito ina," anatero Cuthbert. "Ya mnzanga wa ku Blantyre. Iyi ndi yakutha."

Enid anamulanda kamera ija. Chala chimodzi chinakoka kachitsulo ka pambali, chitseko cha kumbuyo n'kutseguka. Analowetsa filimu, naikoka, naikoletsa, natseka, napukusa kawiri. Zonsezi anachita maso ali pa Cuthbert.

Pomwepo a Magdalena anaimirira pakati pa anzawo, kalendala ili m'manja.

"Bwana, nkhope iyi ndi yanga! Ine sindinaphunzire, koma wondijambula ndikumudziwa. Ndi mwana wanga Enid! Ndinkamukalipira kuti akundichedwetsa kusikelo!"

"Ifenso anatijambula ndi Enid!" anakuwa mayi wina. "Mapazi a pa Malichi awa ndi anga!"

"Bwana Kamtedza m'matope? Liti?" anafuula woyendetsa thirakitala. "Iwo ankangonyamula chikwama!"

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Koma a Magdalena anali asanamalize. Analoza Cuthbert ndi chala.

"Ndipo si yemweyu anadya nkhuku kwathu ku Chimaliro, n'kulonjeza kuti atumiza amalume ake? Lero ali ndi mkazi ndi mwana?"

Kuseka kunatha. Vera anatembenukira kwa mwamuna wake pang'onopang'ono.

"Abambo ake a Lilly, akunena chiyani mayiwa?"

Cuthbert anangoyang'ana nsapato zake.

Enid anayandikira Vera.

"Mayi, ine sindinadziwe. Anandilumbirira kuti kwawo kulibe munthu. Ndikanadziwa, sindikanalandira ngakhale moni wawo. Ndi inu ndilibe nanu mlandu."

Vera anamuyang'ana nthawi yaitali, misozi ili lengelenge. Kenako anakweza mwana wake paphewa, natuluka mutenti osalankhula ndi munthu.

Enid anakoleka kamera m'khosi, nawerama pang'ono kwa bwana wamkulu.

"Manegativu ali kunyumba. Ndibwera nawo Lolemba."

Anayenda mowongoka mpaka kudutsa geti la kalabu. Atafika kuseri kwa fakitale, pamene pamaunjikidwa nkhuni za bulugamu, anakhala pansi, nalira ngati mwana, kulira kotulutsa mawu. Ankamukonda! Ngakhale panthawi imeneyo, mtima wopusawo unkafunabe kuti foni ilire, kuti wina anene kuti zonsezi ndi maloto. Kodi munthu angakutche wapamtima wake m'mawa, masana n'kukutcha "mtsikana iwe"?

Foni inaliradi.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ukanandifunsa kaye. Ndikanakufotokozera."

Enid anaizimitsa foniyo.

Lolemba analowa muofesi ya bwana Chikuse ndi chitini chake. Anatulutsa manegativu, nawagwira pawindo limodzilimodzi. Onse khumi ndi awiri analipo, pamodzi ndi anzawo a tsiku lomwelo amene sanasankhidwe.

Bwanayo anavula magalasi, napukuta kumaso.

"Mwalakwiridwa, a Namakhwa. Koma makalendala ambiri apita kale kunja. Bwanji nkhaniyi tiithetsere muno, mwakachetechete? Kampani ikuthokozani bwino."

"Anandibera pagulu, bwana. Dzina langa libwezedwenso pagulu."

"Mukudziwa kuti munasokoneza mwambo pamaso pa alendo? Malamulo akuti ndikupatseni kalata ya chenjezo."

"Ndipatseni. Ndikaiika mufelemu."

Bwana Chikuse anayesetsa kuti asaseke, koma zinakanika.

Kalata ya chenjezo anamupatsadi. Koma mlungu womwewo makalendala onse otsala anamatidwa kapepala pansi pa chithunzi chilichonse: "Wojambula: Enid Namakhwa." Makapitawo analengeza nkhaniyi pa sikelo iliyonse. Za udindo watsopano wa Cuthbert sizinamvekenso, ndipo anauzidwa kuti Januwale asamukira kuminda ya kumalire, kumene ngakhale netiweki sifika. Vera anabwerera ku Kasungu ndi mwana wake Khirisimasi isanakwane.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Kansonga kanga, ndinalakwa. Ndinkafuna udindo kuti tidzakhale bwino ine ndi iwe."

"Vera anandikakamiza ndi makolo. Amene ndimamukonda ndiwe."

"Sindikudya. Yankha, ngakhale liwu limodzi."

Enid ankawerenga, mtima n'kupweteka, koma chala chake sichinalembe kanthu.

Loweruka lomaliza la chaka, m'mawa, anatuluka ku malaini kupita kumsewu kukakwera minibasi ya ku Limbe. Panjira yodutsa pakati pa tiyi anamupeza Cuthbert atamudikira, ndevu zosameta, malaya osasita. Atangomuona anagwada m'matope.

"Enid, duwa langa, ndimvere kamodzi kokha."

"Dzukani, a Kamtedza. Mukudetsa buluku."

"Usanditchule choncho! Ndine Cuthie wako. Vera wapita, ndipo ukwati umenewo ndiuthetsa. Ndikulonjeza..."

"Musalonjeze. Malonjezo anu ndili nawo odzaza foni."

"Ndiye zonse tinachitira limodzi zija zathera pomwepa? Maulendo athu aja? Tsiku lija ku Chimaliro, utatsamira paphewa langa pansi pa mtengo wa mapeyala? Ungaiwale zimenezo?"

Enid anapisa m'chikwama, natulutsa ka Olympus kakang'ono kaja. M'kati mwake munali filimu imene ankajambulira awiriwo okha: Cuthbert akuseka pamwala, iwo awiri atagwirana manja pakhomo pa azakhali, tsiku la nkhuku lija. Inali isanatsukidwe, ndipo panalibe munthu amene anali ataonapo zithunzi zimenezo.

"Zili muno," anatero. "Zonse."

Nkhope ya Cuthbert inawala. "Waona? Unazisunga! Ndinadziwa kuti umandikondabe!"

"Ndinkakukondani, inde. Mwina mpaka lero mtima sunamve bwino. Koma mtimawo si umene umandilamulira." Anapukuta msozi ndi kuseri kwa dzanja. "Pali chinthu chimodzi chimene munakana kuphunzira. Filimu yosatsuka ikaona dzuwa, zonse zili pamenepo zimafa."

"Enid, usatero!"

Anatsegula kamera. Anagwira nsonga ya filimu, naikoka, naikokabe, mpaka yonse inatuluka n'kumalendewera m'dzanja lake ngati lamba, dzuwa la m'mawa likuiwomba mbali zonse. Othyola tiyi a m'munda wapafupi anaimitsa manja, madengu ali kumsana, akuonerera.

Enid anaipinda filimu ija, naiika m'manja mwa Cuthbert, amene anali chigwadire.

"Tengani, bwana. Izi ndiye zanu. Apa mukhoza kulembapo dzina lanu."

Kumsewu minibasi inaliza hutala. Enid anakweza dzanja kuti imudikire, nayamba kuthamanga.